Foni ikutidyetsa komanso yatilanda mapemphero amadzulo, nditani?

Agogo,

Nkhaniyi ndakhala nayo mumtima miyezi ingapo, kukawauza amayi anzanga a Mvano ndikuopa chifukwa abambo akunyumba ndi mkulu wampingo ndiye mawa lake ingamveke tchalitchi chonse. Ndine mayi wa zaka 39, ndimakhala ku Ndirande, ukwati wathu tinadalitsa ku CCAP mu 2008 ndipo tili ndi ana atatu. Wamkulu ndi mtsikana ali folomu 3, wachiwiri mnyamata ali sitandade 7, wotsiriza ali ndi zaka 6. Abambowa samwa, sanandimenyepo, olo za chibwenzi sindinawamverepo, ndanena dala kuti musaganize kuti vuto lili kumeneko. Chatisokoneza ife ndi foni, ndipo ine ndemwe ndili momo.

Kale tikadya nsima yamadzulo ana ankachotsa mbale, timaimba nyimbo imodzi yamubuku, abambo nkuwerenga ndime, mwana mmodzi nkupemphera. Sizinkapitilira mphindi 20 koma ndi pomwepo pomwe mwana ankanena kuti nsapato yang'ambika, kaya wina akundivutitsa kusukulu, kaya masamu akundikanika. Zinayamba kusintha mu 2020 nthawi ya Covid ija, atatseka sukulu mu March nkuletsa misonkhano yopitilira anthu 100. Ulaliki unasamukira pa Facebook, zolengeza zampingo pa WhatsApp, ndiye ine ndinagula foni yatachi ndi mtima wabwino ndithu kuti tizimva Mawu komanso mtsikanayu azilandira manotsi. Covid inatha koma mafoni anatsala, pano alipo atatu mnyumba muno.

Ndiye musandiuze kuti ingoitayani chonde, chifukwa foniyi ndiye munda wanga. Ndimachita geni ya zitenje ndi nsapato, ndimakaoda ku Limbe zina amanditumizira kuchokera ku Tanzania, ndikajambula nkuika pa sitetasi anthu amafunsa mtengo, ndalama nkubwera pa Airtel Money kapena Mpamba, katundu nkutumiza pa kabaza. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 malipiro aabambowa anasiya kufika pa tsiku la 20 la mwezi, ndiye fizi yamtsikana, makala, ndiwo, ngakhale chakhumi changa, zonse zikuchokera mufoni momwemu. Tsono makasitomala ambiri ndi apantchito, amafunsa akaweruka, kuyambira 7 mpaka cha m'ma 10 usiku, nthawi yomwe ija tinkapemphera. Ukangochedwa kuyankha pang'ono wapeza wagula kale kwa wina, poti ogulitsafe tachuluka.

Koma pamaso pa Mulungu ndisaname, si geni yokha ayi. Ndikamaliza kuyankha kasitomala chala chimapita chokha pa TikTok, ndimati ndione kamodzi kokha, pozindikira 12 koloko yakwana bandulo yatha abambo nawo ali cheuko kumbali kwawo nkhope ikuwala ndi foni, osalankhulana. Ndinali munthu wodzuka 4 koloko mmawa kugwada, pano ndikangotsegula maso dzanja limayamba lafufuza foni pansi pa pilo. Baibulo ndinaika mufoni momwemo kuti zindiphwekere koma ndikatsegula Masalimo meseji nkutulukira pamwamba, basi ndapita, ndime ija sindibwereranso. Lachinayi lina ku Mvano ndinayankha kasitomala pemphero lili mkati nditabisa foni muchikwama, ndinabwera kunyumba mtima ukundiweruza tsiku lonse.

Abambo akunyumba zawo ndiye zovuta kuzigwira chifukwa zonse zili ndi dzina la mpingo. Ali mugulupu ya akuluampingo, ya mlaga wathu, ya zomangamanga, ya zamaliro, kuphatikiza ya mpira komwe amakangana za Bullets ndi Wanderers mpaka usiku. Mmawa uliwonse amatumiza vesi kwa anthu ambirimbiri ndipo anthu amayankha ameni ameni, koma mnyumba mwawo muno Baibulo lapepala sanalitsegule chichokereni Pasaka. Ndikawauza amati mayi, iyi ndi ntchito ya Mulungu, mukufuna nkhosa zisowe oziyang'anira? Ine pamenepo ndimasowa poyambira, komanso amangondiloza foni ili mmanja mwangamo.

Chomwe chandilembetsa kalatayi chinachitika mwezi watha. Kasitomala ananditumizira K35,000 ya nsapato, mmawa ndikuti ndikatape ndinapeza mwatsala K2,000. Ndinalira, ndinkaganiza kuti ndi akuba apafoni aja, mpaka mtsikana anandionetsa mamesejiwo kuti ndalama zapita kubetcha. Anali mnyamata wanga wa zaka 12. Pini anaionera ndikulipira magetsi, ndipo ankatenga foni ndikagona nkumasewera kandege kamene anzake anamuphunzitsa. Anayamba ndi K500, itapita anafuna kuibweza, nkumangowonjezera. Abambo ake anamukwapula, ine ndinakalipa mpaka mawu anatha. Madzulo ake ndinamupeza kuseri kwa bafa akulira ndiye ndinamufunsa kuti bwanji sunandiuze itangopita yoyamba ija, iye anati amami ndinabwera katatu, munkati dikira kaye ndiyankhe kasitomala. Agogo ndinakumbukira, anabweradi, anaima pakhomo lakuchipinda akupotokola malaya ake ndipo ine sindinadzutse nkomwe mutu. Ndalamayo ndinabweza pokongola kubanki nkhonde, koma mawu amwanayo mpaka lero akundilasa.

Sabata yomweyo abusa analalikira pa Deuteronomo 6, paja pamati tiziwaphunzitsa ana Mawu tikakhala pansi mnyumba, poyenda panjira, pogona ndi podzuka. Ndinangowerama, nthawi zinayi zonsezo kwathu zili ndi foni. Titafika kunyumba ndinapempha abambo kuti tiyese lamulo, ikakwana 7 mafoni onse mulichero pamwamba pa kabati mpaka titadya nkupemphera. Anavomera. Masiku anayi zinayenda bwino zedi, wamng'ono uja anatiimbira kolasi ya ku Sande sukulu yomwe sindinkadziwa nkomwe kuti amaitha. Tsiku lachisanu kunagwa maliro mumlaga mwathu, anthu anawaimbira abambo kasanu foni ili mulichero pa sailenti, anafika kusiwa mochedwa akuluampingo anzawo atayamba kale kukonza dongosolo ndipo anawanena. Pobwera anangoti zalichero zathera pano. Inenso sabata imeneyo maoda awiri anandidutsa, ndiye sindinalimbikire, mwina mumtima ndinapeza pothawira.

Mtsikana uja naye foni tinamulanda titaona kuti mayeso ateremu yatha watsika kuchoka pa nambala 6 kufika pa 21, chikhalirecho chaka chamawa akulemba MSCE. Sanachite mwano, anangofunsa mwaulemu kuti nanga inu ndi adadi akulandani ndani. Patatha masiku atatu tinamubwezera chifukwa aphunzitsi amatumiza ntchito pagulupu yakalasi.

Ndiye ndithandizeni Agogo. Kodi ndiwauze makasitomala kuti ikakwana 7 sindiyankha, ndikhulupilire kuti Mulungu atidyetsabe, kapena kumeneko nkumuyesa Mulungu poti fizi ikudikira? Abambowa ndiwalankhule bwanji kuti asamve ngati ndikunyoza udindo wawo? Ndaganizapo zopita kwa ankhoswe koma ndikuopa akandiseka kuti mwatiitanira foni basi, pomwe ena akubwera ndi nkhani zamitala, ndipo kwa abusa ndikuopa kuwachotsa ulemu amuna anga. Nanga mnyamatayu, pini ndinasintha koma anzake aja akadali nawo, ndipo chichitikireni zija sakhalanso pafupi nane, akaweruka amangodya nkutuluka. Ndiyambire pati kuti adzabwerenso kudzaima pakhomo paja?

Ine mayi wosowa mtendere,
Ndirande, Blantyre