Kwa mwana wanga ku South Bend, Indiana, ku America, za mawu andale akumenekowo

Mwana wanga,

Amayi ako akuti umadandaula pa foni kuti anzako kuntchito akayamba za ndale iwe umangogwedeza mutu chonsecho sukutolapo kanthu. Nde ndati ndikulembere poti pa foni netiweki yathu ino ukuidziwa.

Ndiyambe ndi chimene chikundisowetsa tulo. Green card, chilolezo chokhazikika m'dzikomo, si citizenship. Ukapita kokatenga layisensi ya galimoto akhoza kukufunsa ngati ukufuna kulembetsa kuti uzivota, kapena kampeni ikatentha achinyamata amayenda ndi mafomu khomo ndi khomo, ansangala bwino ndithu, iwe ukane basi. Kuvota pa chisankho cha pulezidenti kapena cha Congress, nyumba ya malamulo ya kumeneko, usanakhale nzika ndi mlandu, ngakhale kungochonga pa fomu kuti ndiwe nzika pomwe suli, zimenezo akhoza kukuthamangitsa nazo dziko ndipo loya adzakudyera ndalama zambiri. Dikira zaka zako zisanu zikwane, ufunsire, ulumbire, kenako uzikavota mmene ungafunire. Osasaina chinthu usanawerenge mzere uliwonse, ndanenatu.

Tsopano Electoral College. Si sukulu ayi. Kwathu kuno chiyambire chigamulo cha khoti cha 2020 timati 50+1, mavoti a dziko lonse kuwaphatikiza pamodzi, koma kumeneko state iliyonse ili ndi mavoti ake malinga ndi kuchuluka kwa anthu, onse pamodzi ndi 538 ndipo wofika 270 ndiye watenga mpando. Indiana yakoyo ili ndi 11, wopambana mu state ngakhale ndi voti imodzi amakolola onse 11, kupatula Maine ndi Nebraska amene amagawa mwa njira yawo. Nchifukwa chake mu 2016 Hillary Clinton anaposa Trump ndi mavoti pafupifupi 3 miliyoni koma ku White House kunapita Trump. Ine chilungamo chake sindichiona bwino, koma eni ake anazolowera ndipo si iwe ukasinthe zimenezo pa break ya tiyi.

Akamati red state ndi ya a Republican, omwewo ndi amene amatchedwa GOP, chizindikiro chawo njovu. Blue ndi a Democrat, awo ndi bulu. Indiana ndi yofiira ngakhale Obama anaitenga mu 2008. Swing state ndi zija zosadziwika kogwera, monga Pennsylvania, Wisconsin ndi Michigan amene ali pakhomo pakopo, ndipo ndalama za kampeni zimathiridwa kumeneko, ukangowoloka malire kulowa Michigan malonda andale pa wailesi satha.

Koma chimene ndikufuna uchigwiritse ndi midterm ndi primary, chifukwa anthu amangokomedwa ndi phokoso la upulezidenti. Congress ili ndi nyumba ziwiri, House ndi Senate. Aphungu a House alipo 435 ndipo amasankhidwa zaka ziwiri zilizonse, ma senator ndi 100, awiri state iliyonse, iwo zaka zisanu ndi chimodzi, nde chisankho chogwa pakati pa teremu ya pulezidenti ndiye midterm ndipo kawirikawiri chipani cholamula chimaluza mipando pamenepo, pulezidenti nkutsala manja omangika. Primary ndi mapulaimale omwewa timamenyanirana kunowa, kungoti kumeneko m'ma state ambiri amayendetsa ndi boma. Ndipo pa pepala lovotera pamakhalanso sheriff (mkulu wa apolisi wa county), a school board, akuluakulu a county, anthu amene amagamula za sukulu imene adzukulu anga adzaphunzire ndi misonkho ya nyumba. Amenewo ndi amene uziwadziwa maina kuyambira pano.

Filibuster usavutike nayo kwambiri, ingodziwa kuti ku Senate mabilu ambiri amafuna mavoti 60 kuti zokambirana zitsekedwe, 51 sakwanira, nde ukamva kuti chipani chili ndi majority koma palibe chikudutsa, nkhani ndi imeneyo. Shutdown ndiye ikhoza kukukhudza, chaka cha bajeti chimayamba pa 1 October ndipo Congress ndi pulezidenti akakanika kugwirizana za bajetiyo ogwira ntchito m'boma ambiri malipiro amaima, ija ya 2018 kulowa 2019 inatenga masiku 35. Impeachment nayo si kuchotsedwa, House imangoimba pulezidenti mlandu, kuchotsa ndi ma senator 67 mwa 100. Bill Clinton anaimbidwa, Trump kawiri, palibe anachoka.

Kuntchitoko wina akakufunsa kuti ndiwe liberal kapena conservative usafulumire kuyankha, mawu amenewa kumeneko amanyamula za mfuti, za kuchotsa mimba, za misonkho ndi za alendo ngati iweyo, zonse mtolo umodzi, ndipo anthu apachibale amasiyana nazo kulankhulana. Uziti ndikuphunzira kaye, iweyo ukuona bwanji, munthuyo alankhula yekha mpaka break kutha.

Fomu iliyonse yokukayikitsa uijambule unditumizire pa WhatsApp usanasaine, koma ikakhala ya immigration upite nayo kwa loya, ine si loya. Amayi ako akuti ufa uja wa ku shopu ya anthu a ku Mexico usiye kudandaula nawo, nsima ndi nsima.

Ndine bambo ako.