Kwa a kampani ya maulendo ku Lilongwe: mutibwezere ndalama zathu za ulendo wa ku Réunion

Abwana a kampani yokonza maulendo, ndikukulemberani poyera chifukwa ku inbox mukungowerenga osayankha, foni mukudula, ndipo tikabwera ku ofesi mtsikana wolandira alendo amangoti muli ku msonkhano. Dzina la kampani yanu sinditchula lero. Mukudzidziwa nokha, ndipo uthengawu ndakutumiziraninso pa WhatsApp kuti musadzanene kuti simunauone.

Ndife anthu asanu ndi mmodzi ochita bizinesi ya kachewere, kabichi ndi tomato kuno ku Lizulu, ena a mbali ya Ntcheu, ena a ku Dedza. Takhala tikuchita chipereganyu kwa zaka ndithu, ndipo tinagwirizana kuti ulendo uno ndalama zisathere m'feteleza ndi malata okha, tikaoneko dziko tisanakalambe. Ndikudziwa alipo amene aseke, ati ogulitsa mbatata akufuna chiyani pa yacht. Sekani ndithu, koma ndalamazo n'zathu, tinazipeza tikudzuka mbandakucha m'chisanu cha kuno kukweza matumba pa malole opita ku Blantyre.

Mu October 2023 munatigulitsa ulendo wa sabata yathunthu pa boti la matanga, kuzungulira chilumba cha Réunion, chomwe chili m'nyanja yamchere kum'mawa kwa Madagascar. Munatipatsa pepala lonyezimira lofotokoza tsiku ndi tsiku: ndege kudzera ku Johannesburg kukatera ku Saint-Denis, kukwera boti, kugona m'botimo usiku uliwonse pa gombe latsopano, kusambira pamene tafuna, kuona anamgumi, ndipo tsiku lachinayi kuonerera chiphalaphala chamoto chikutsika phiri la Piton de la Fournaise n'kumagwera m'nyanja ife tikudya chakudya chamadzulo. Tinalipira theka la mtengo kudzera ku banki, kuphatikizapo ndalama ya viza. Malisiti onse tili nawo. Mayi wamkulu wa gulu lathu amasunga lake m'pepala la shuga lomwe analipinda bwinobwino n'kuliika pakati pa buku la nyimbo, ndipo tikakumana amalitulutsa n'kuliwongola pabondo ngati mwina tsiku lasintha.

Pasanathe mwezi, mu November 2023, kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Apa foni zanu zinkagwira bwino kwambiri. Munatiimbira nokha, mukuti ku Réunion amagwiritsa ntchito euro, boti mwalisungitsa kale, mwini wake sakumva za kwacha, tiwonjezere msanga apo ayi dipoziti ipsa. Tinawonjezera. Zoti kumeneko n'kwa euro n'zoona, poti chilumbachi ndi gawo la dziko la France. Zinazo tinadzazidziwa mochedwa.

Tsiku lonyamuka munaika kumayambiriro kwa February 2024. Pa 15 January namondwe wa Belal anawomba chilumbacho, boma kumeneko n'kulamula aliyense kukhala m'nyumba, inu n'kuti ulendo wayamba waima. Tinamvetsa, poti ndani angakwere boti pa nthawi yotere? Koma tsiku latsopano munaliikanso kumapeto kwa February 2025, ndipo pa 28 February namondwe wa Garance anafika ndi mphepo yopitirira makilomita 200 pa ola, anthu n'kumwalira. Kuchokera apo nyimbo yanu ndi imodzi: nyengo salamula ndi munthu, choncho dipoziti sibwezedwa.

Abwana, nyengo simulamula, koma kalendala munali nayo m'manja. Kudera limenelo anamondwe amayembekezeka kuyambira November mpaka April, ndipo January, February ndi March ndiye pachimake. Zimenezi si zachinsinsi kwa Mmalawi aliyense amene anali ndi wailesi mu 2023. Freddy uja anagumula mapiri ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe mu March n'kupha anthu mazanamazana anali atadutsa kumpoto kwa Mauritius ndi Réunion mu February chaka chomwecho. Inu amene ntchito yanu ndi kukonza maulendo munasankha mwezi womwewo kawiri konse. Mwina simukudziwa ntchito, mwina munkafuna chifukwa chokonzeratu choti tisanyamuke. Musankhe nokha chimene tikhulupirire.

Zitafika apa ndinapereka pepala lanu lija kwa mwana wa achemwali anga amene amaphunzitsa Chifalansa ku sekondale. Anakhala nalo pa foni madzulo angapo, akuwerenga za madoko ndi malamulo a kumeneko, ndipo zimene anapeza zinatifooketsa nkhongono. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Ndiyambe ndi phirilo, poti ndi limene linatikopa. Piton de la Fournaise ndi limodzi mwa mapiri amene amaphulika kawirikawiri padziko lonse, zoona. Koma nsonga yake ili pa mamita 2,632, kuposa phiri lathu la Dedza, ndipo ili kumtunda, kutali ndi madzi. Nthawi zambiri likaphulika, chiphalaphala chimathera m'chigwa chachikulu chopanda anthu chimene amachitcha Enclos. Chinafikapo m'nyanja, monga mu April 2007 pamene chinadula msewu wa m'mbali mwa gombe, koma si chinthu choti munthu n'kulemba pa pulogalamu kuti tsiku lachinayi 6 koloko madzulo chidzakhala chikutsika. Ofuna kuliona phirilo amapita pa galimoto, kudutsa chipululu cha mchenga wofiirira cha Plaine des Sables mpaka pa Pas de Bellecombe, kenako wapansi maola angapo pa miyala yakuthwa, ndipo amalawira usikusiku chifukwa dzuwa likakwera mitambo imaphimba zonse. Likayamba kuphulika, boma limatseka njira yotsikira m'chigwamo. Pa pepala lanu palibe galimoto, palibe wotiperekeza, palibe ngakhale mawu oti titenge majuzi ndi nsapato zolimba. Munangoika chithunzi cha moto wofiira pafupi ndi boti loyera.

Za kugona pa gombe latsopano usiku uliwonse ndiye zoopsa kwenikweni. Madoko amene maboti otere amaima ali makamaka kumadzulo ndi kum'mwera, ku Le Port, Saint-Gilles ndi Saint-Pierre. Mbali ya kum'mwera chakum'mawa, kumene kuli phirilo, ndi matanthwe akuda okhaokha omwe mafunde amawomba usana ndi usiku, ndipo mphepo ya kumeneko imachokera mbali yomweyo. Inu munalemba kuti tidzaponya nangula pamenepo n'kugona. Mukanatigoneka pati? M'gulu mwathu muli bambo wa zaka zopitirira 60 amene sanakwerepo ngakhale bwato la pa Senga Bay. Iwowa anagula jekete yoyandamitsa pa kaunjika ku Dedza, yofiira, yolembedwa Chijeremani kumsana, ndipo anaiyesa pamaso pathu tonse tikuseka. Lero ikungolendewera pa msomali kuseri kwa chitseko.

Kusambira pamene tafuna? Kuyambira 2013 boma la kumeneko linaletsa kusambira m'malo ambiri a m'nyanja chifukwa cha shaki zimene zinapha ndi kuvulaza anthu, kupatula m'madzi osaya otchingidwa ndi matanthwe a pansi pa nyanja, cha kumadzulo, ndi m'malo ena otetezedwa. Anamgumi nawo amabwera pakati pa June ndi October. Mu February tikanaona mafunde basi.

Nanga viza? Munatilipiritsa ya Schengen, yolowera m'maiko ambiri a ku Ulaya, n'kutenga mapasipoti athu, n'kuwabweza patapita miyezi opanda chidindo chilichonse, mukuti zikuyenda. Réunion ndi France, inde, koma sili m'dera la Schengen. Viza wamba ya Schengen sikulowetsa kumeneko, pamafunika yolembedwa kuti ndi ya chilumbacho. Ngakhale mukanatitengeradi imene munkanenayo, tikanabwezedwa pa bwalo la ndege ku Johannesburg, zikwama zili m'manja.

Chomwe chandilembetsa uthengawu n'ichi. Pansi pa chithunzi cha boti pa pepala lanu panali dzina la botilo, ndipo mwana wa achemwali uja anafufuza mpaka anapeza mwini wake n'kumulembera. Anayankha mwaulemu ndithu. Akuti kampani yanu saidziwa, sanalandirepo ndalama iliyonse kuchokera ku Malawi, ndipo iye amangotenga alendo maulendo a tsiku limodzi kapena a madzulo kuchokera pa doko la kumadzulo. Uthenga wake tausindikiza, tili nawo. Tsono ma euro aja munatikakamiza kuwonjezera mu November 2023, mukuti mwini boti akudikira, anapita kwa yani?

Titakuonetsani zimenezi ulendo womaliza umene tinakupezani pa makwerero a ofesi, munati ndi "agent" wanu wa ku South Africa amene anakusokonezani. Ife sitinapangane ndi munthu wa ku Joni. Pa lisiti pali chidindo chanu, akaunti imene tinaikamo ndalama ndi ya kampani yanu. Ngati wina anakuberani, mukalimbane naye nokha. Kenako munabwera ndi nzeru ina, yoti mutipititse ku Cape Maclear masiku atatu kuti nkhani ithe. Abwana, ife tili ku Lizulu. Tikafuna nyanja yathu timatsika Khwekhwelere, kudzera pa Golomoti, masana omwewo tikudya chambo ku Monkey Bay, osafuna kampani. Musatinyoze chotero.

Ndisabise, chimene chikundiwawa kwambiri si ulendo wolephereka. Ndine amene ndinali msungichuma wa gulu, ndine ndinkanyamula mapepala kupita nawo ku Lilongwe, ndipo pamsika pano ena ayamba kunong'onezana kuti mwina ndinagawana nanu. Munthu wa bizinesi amadya dzina lake. Alimi a ku Tsangano amandipatsa matumba pangongole chifukwa amadziwa kuti ndibweza, ndipo mbiri imeneyi ikuwonongeka chifukwa cha kukhala chete kwanu. Pamwamba apo, ndalama zimene mwasunga chiyambire 2023 sizingagulenso matumba a feteleza amene zikanagula nthawi ija. Tsiku lililonse limene mukuzengereza, inu mukupindula, ife tikuluza.

Zimene tikufuna si zambiri. Mutibwezere dipoziti yonse, ndalama yowonjezera ija, ndi ya viza, ku akaunti yomwe zinachokera. Ngati simungathe kubweza pakamodzi, mulembe kalata yosainidwa yonena masiku ndi kuchuluka kwa zimene muzibweza, tidzasainirane pamaso pa mboni. Ngati mukulimbikira kuti boti munalipiradi, tionetseni umboni wa ku banki wosonyeza kuti ndalama zinatuluka kupita kwa mwini wake. Ndipo chithunzi cha ulendo womwewu, chomwe ndachionanso pa peji yanu ya Facebook sabata yatha mukuitana anthu a February akubwerayu, muchichotse.

Kwa anzanga amene mukuwerenga: ngati nanunso munalipira ulendo wa pa boti ku Réunion kudzera ku kampani ya ku Lilongwe ndipo simunanyamuke, ndilembereni ku inbox, tisonkhanitse malisiti pamodzi.

Abwana, tikupatsani mpaka kutha kwa mwezi uno. Mukapanda kuyankha, mapepala onse, malisiti, mauthenga a pa WhatsApp ndi kalata ya mwini boti tikazitula ku Competition and Fair Trading Commission komanso ku polisi, ndipo ndidzabweranso pompano ndi dzina la kampani yanu. Nambala yanga muli nayo, ndi yomwe munkaimbira pofuna ma euro.