Linki ikasokoneza cursor, musathamangire kunena vairasi

Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa vuto limene likuzunguza ophunzira a m'makoleji komanso anthu ogwira ntchito m'mashopu otayipira makalata kuno ku Mzuzu, kuyambira ku Luwinga mpaka ku Katoto. Munthu amaika linki (mawu amene ukawadina amakutengera ku tsamba la pa intaneti) pakati pa ndime, koma akati apitirize kulemba amapeza kuti cursor, kamzere kophethira kosonyeza pamene akulemba, yathawira pamwamba pa tsamba, kapena mawu onse otsatira akutuluka abuluu okhala ndi mzere kunsi. Ambiri amangogamula kuti kompyuta yalowa vairasi n'kukapereka ndalama kwa amisiri, chikhalirecho makinawo alibe chilema.

Gwero lake n'lakuti linki si mawu ooneka ndi maso okhawo. Mu Microsoft Word, kuseri kwa mawu abuluu aja kumabisala lamulo losunga adiresi ya pa intaneti, ndipo mukadina Alt ndi F9 pamodzi (pa malaputopu ena muwonjezere Fn) lamulolo limaonekera, loyamba ndi mawu akuti HYPERLINK. Cursor ikaima pamapeto penipeni pa linki, zilembo zotsatira zimatengera maonekedwe a linkiyo, chifukwa pulogalamu imaona ngati mukupitiriza mawu omwewo. Zikatero, sankhani mawu amene asanduka abuluu molakwika n'kudina Ctrl ndi Space kuti abwerere mwakale. Koma njira imene ine ndimaikhulupirira ndiyo kulemba chiganizo chonse mpaka pa mpumiro, kenako n'kubwerera kukasankha mawu ofunikawo ndi kudina Ctrl ndi K kuti patseguke kabokosi koikira linki, zimene zimagwira ntchito mu Word ngakhalenso mu Google Docs. Mukatero linki imakhala ndi malire mbali zonse ziwiri ndipo siingameze mawu ena.

Kuthawira pamwamba kuja kumachitika kwambiri m'mapulogalamu olembera amene amatsegulidwa mu browser, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti. Kabokosi kolembamo adiresi kakatseguka, kiyibodi imasiya ndime yanu n'kuyamba kutumikira kabokosiko, ndipo pulogalamu ikalephera kukumbukira pamene munali, imakubwezani poyambira, nthawi zina n'kuika linkiyo komweko. Musayambe kufufuta ndi dzanja ayi. Dinani Ctrl ndi Z nthawi yomweyo, sankhani mawuwo kaye, ndipo potseka kabokosiko mugwiritse ntchito Enter m'malo modina pambali pake.

Pali chinanso chimene sitikonda kuvomereza. Pa laputopu, chikhatho chikakhudza touchpad (malo oyendetsapo chala m'munsi mwa kiyibodi) pamene zala zikufikira Ctrl ndi K, cursor imadumpha, ndipo pulogalamu imanamiziridwa mlandu umene si wake. Lumikizani mbewa ya kompyuta (mouse) ya chingwe, zimitsani touchpad, muone ngati vutolo libwerenso.

Pempho langa likupita kwa eni sukulu zophunzitsa kompyuta mumzinda uno: pa phunziro la Word aikepo ola limodzi loti wophunzira aliyense aike linki, adine Alt ndi F9, aone yekha pamene yayambira ndi pamene yathera.

Wowerenga wanu,
Mchengautuwa, Mzuzu