Lipoti la msonkhano wa kayezedwe ka mphamvu yokoka ya dziko

Apampando ndi aphunzitsi anzathu a sayansi kuno ku Mulanje, nazi zomwe tabwera nazo kumsonkhano umene munatituma ku Thyolo.

Nthawi yambiri inathera pa gravity, mphamvu yokoka ya dziko. Ana timawauza kuti g, muyeso wa mphamvuyi, ndi 9.8 m/s², koma pa equator ndi 9.78 pomwe ku North Pole ndi 9.83. Ofufuza miyala ndi madzi apansi amasaka kusiyana kochepa kuposa apa, kwa ma milligal (milligal imodzi ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a g), pogwiritsa ntchito chida chotchedwa gravimeter. M'kati mwake muli sipuling'i yonyamula kachitsulo. Sipuling'iyo imatamuka yokha pang'onopang'ono, ndiponso mwezi ndi dzuwa zimasuntha nambala mpaka 0.3 milligal, choncho woyeza amabwerera pamalo oyambira pakatha ola limodzi kapena awiri kuti achotsere kusinthako.

Chomwe chimawononga ntchito kwambiri ndi kutalika kwa malo. Mukakwera mita imodzi, gravity imatsika ndi 0.3086 milligal, mukaphonya ndi masentimita atatu okha, mwalakwitsa kale ndi 0.01. Kwathu kuno vuto ndi lapawiri, chifukwa Sapitwa ali pa mamita 3,002. Woyeza ali m'munsi, ku Likhubula, phiri lonselo limakokera kachitsulo m'mwamba ndipo nambala imachepa. Osachotsera zimenezi, mapu anu aonetsa miyala yopepuka pomwe palibe.

Kutalikako amayeza ndi GPS, ndipo apa m'pamene nkhani ya plasma, mpweya wokhala ndi mphamvu ya magetsi, inalowera. Dzuwa likalowa, m'madera oyandikira equator, ionosphere, gawo la m'mwamba kwambiri la mlengalenga lomwe lili ndi plasma, imachita zibowo zomwe zimagwedeza mafunde ochokera ku satelayiti, GPS n'kumasochera. Langizo la otiphunzitsa kumsonkhanoko: yezani m'mawa.

Za GRACE anangodutsapo: masatelayiti awiri otalikirana makilomita 220, kuyambira 2002 mpaka 2017, ankayeza kusintha kwa gravity n'kumaona kuchepa kwa madzi apansi m'madera aakulu, osati pachitsime chimodzi.

Anatimvetsanso ma whistler. Mphezi ikang'anima, mafunde ake amatsata mizere ya maginito ya dziko. A kamvekedwe kokwera amafika msanga, a kamvekedwe kotsika pambuyo, ndiye pamveka mluzu wotsetsereka. Kuno samveka kawirikawiri, koma kuthetheka kwa mphezi kumagwidwa ndi mlongoti ndi amplifier (chokuzira mawu), bola mutalikire mawaya a magetsi, poti kulira kwa magetsiwo, kwa 50 Hz, kumaphimba zonse.

Tikafuna kuyeza g kusukulu, pendulamu ya mita imodzi, yotenga masekondi pafupifupi 100 pa maulendo 50 opita ndi kubwera, ikupatsani 9.8 koma singasiyanitse g ya paboma ndi ya pansonga ya Chambe. Tikupempha komiti ikambirane zogula amplifier imodzi mvula isanayambe.