Musamayeze Beethoven ndi wotchi yokha

A Mkonzi,

Ndipatseniko kampata ndilankhulepo pa mkangano womwe sukutha pakati pa ife okonda ma symphony, nyimbo zija zoimbidwa ndi chigulu cha mavayolini, zitoliro, malipenga ndi ng'oma. Mukangofunsa kuti rekodi yabwino ya Beethoven, katswiri wakale wopeka ma symphony, ndi iti basi mwaputa mavu. Wina akuti wotsogolera oimba Karajan ndi gulu la Berlin Philharmonic, ma symphony onse 9 omwe anajambula mu 1961 ndi 1962, palibenso wina. Wina akuti ayi, tamverani symphony nambala 5 ya wotsogolera Carlos Kleiber ndi gulu la Vienna Philharmonic ya 1974. Zimenezo ndilibe nazo vuto, aliyense ali ndi makutu ake. Ondiwawa ine ndi aja amabwera ndi wotchi mmanja nkumati otsogolera akale Furtwängler ndi Klemperer analakwitsa chifukwa eti amakoka nyimbo.

Mfundo yawo ndikuidziwa ndipo si yopanda mutu ayi. Mu 1817 Beethoven anatulutsa manambala a metronome, kachipangizo kaja kamagunda kusonyeza sipidi, a ma symphony ake 8 oyamba, ndipo manambala ambiri ndi othamanga zedi kuposa mmene akuluakulu aja ankaimbira. Ndiye otsogolera ena, Roger Norrington mzaka za mma 1980 ndi John Eliot Gardiner mma 1990 anati tiyeni titsatire manambalawo, anatenga zida zachikale, mavayolini a nsambo za matumbo, malipenga opanda mabatani, gulu nalo nkulichepetsa. Kunena zoona Gardiner ndimamukonda, ng'oma zimamveka gwaa, zitoliro zomwe zinkamira pansi pa mavayolini ambirimbiri zimatulukira poyera, nyimbo imachita kukudzutsa.

Koma kuchoka apo nkufika ponena kuti enawo ndi olakwa, aaa pamenepo nde ndakana. Taganizani poyambira nambala 5, mawu atatu afupiafupi kenako limodzi lalitali, ta-ta-ta-taaa. Pa lalitalilo Beethoven anaikapo chizindikiro choti gwirani, koma sanalembe kuti mugwire masekondi angati, metronome pamenepo ilibe chonena, ndi wotsogolera yemwe amasankha, ndipo akagwira motalika nyimbo imakhala ngati chiweruzo, akadula msanga imakhala ngati munthu akuthamangitsidwa, zonsezo zili mu pepala lomwelo. Nanga holo? Oimba 90 mu holo yaikulu yobweza mawu akathamanga ngati gulu la anthu 50 zonse zimangosakanikirana osamva kanthu. Komanso tisaiwale Beethoven anamwalira mu 1827, makina ojambulira mawu kunalibe. Pomwe Arthur Nikisch ankajambula nambala 5 mu 1913 nkuti patapita zaka 86. Palibe ndi mmodzi yemwe ali ndi mawu a mwini wake, rekodi iliyonse ndi maganizo a munthu wina pa zomwe zinalembedwa.

Ine yomwe sindingaisiye ndi nambala 9 ya Furtwängler ku Bayreuth, m'dziko la Germany, mu 1951, chaka chomwe anatsegulanso chikondwerero cha nyimbo cha kumeneko nkhondo yachiwiri itatha. Mawu ake ndi akale, a mono, pena oimba sakulowera limodzi bwinobwino. Gawo lachitatu amaliyendetsa pang'onopang'ono moti wa wotchi uja akhoza kukomoka, koma mverani mmene mavayolini akupumira, palibe akufulumira kupita kulikonse, zikumveka ngati anthu omwe aona zoopsa ndipo tsopano akupemphera. Ndiye kumapeto kwenikweni amathamangitsa gulu lonse mpaka umachita mantha kuti ligwa, oimba akungolimbikira kuti afike limodzi. Kodi chimenecho nkulakwitsa? Ine ndimamva chimwemwe cha anthu omwe alephera kudzigwira, ndipo ma rekodi ambiri a mu situdiyo osalala bwino aja, odulidwa nkulumikizidwa mpaka kalikonse kakhale mmalo mwake, sanandifikitsepo pamenepo.

Chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi oyamba kumene. Munthu wapeza symphony pa YouTube, yamukhudza, akubwera mosangalala kudzanena, ndiye akumuyankha kuti imeneyo si yeniyeni wamvera yolakwika. Mawa abweranso ameneyo? Amangoti nyimbo izi ndi za anthu odzimva, basi wapita.

Pempho langa kwa anzanga odziwa, mukamakana rekodi nenani chomwe mwamva, kuti apa malipenga aphimba mavayolini, apa wakoka mpaka nyimbo yaduka msana, tikamverenso tokha tione ngati tikugwirizana nanu. Ndipo woyamba kumene uja muuzeni amvere mphindi ziwiri zoyamba za nambala 5 kwa Klemperer, kenako Kleiber, kenako Gardiner motsatizana, mumufunse kuti wamva chani musanamuuze maganizo anu.

Ine,
Wokonda ma symphony