Amayi, malata aja ali kuti?

Hong Kong, 2 Okutobala 2023

Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi agogo ndi ana onse. Ine ndili bwino, chifuwa chija chinatha. Amalume muwapatse moni. Ndalandira Lachisanu, ndipo dzulo ndatumiza K380,000 pa nambala ya achemwali. Ndati ya achemwali, osati ya mwana wanu wamng'onoyo. Asaikhudze.

Munamva zoona, namondwe anadutsa kuno pa 1 Seputembala, dzina lake Saola. Kuno amachenjeza ndi manambala. Akakweza 1 kapena 3 timapita kuntchito ngati kale, akakweza 8 sukulu ndi maofesi zimatsekedwa, aliyense kunyumba kwake. Tsiku limenelo tinadzuka 8 ali kale m'mwamba, ndipo usiku cha m'ma 8 koloko anakweza 10, yomaliza, imene anali asanaikwezenso chichokereni 2018. Dzulo lake ndinachedwa kupita kusitolo, ndinapeza kobuledi ndi kundiwo zamasamba ngati kwadutsa dzombe. Ndinangotola mazira ndi tepi yomata pawindo. Timaimata mopingasa, ena amati siithandiza kanthu, koma mnzanga wa ku Ghana amene timagona chipinda chimodzi anaumirira.

Ife tili pa nsanjika ya 14. Mphepo inkalira ngati thiraki yodzaza simenti ikukwera chitunda, kenako zii, kenako n'kuyambiranso. Madzi ankalowera pansi pa windo, ife n'kumatchinga ndi mathawulo, kufinyira mu ndowa, kutchinganso. Magetsi sanazime ngakhale kamodzi. Ndinaphika nsima ndi kaufa kanga kotsala, mnzangayo anadya n'kugona tulo tofa nato. Ine ayi. Ndinkangoona nyumba yathu mu Malichi muja namondwe Freddy atagwetsa khoma la kum'mawa, inu muli m'kalasi pasukulu ndi bulangete limodzi, foni yanu osapezeka masiku anayi.

Ndiye mundiuze. Mu Meyi ndinatumiza K600,000 ya malata 36 ndi simenti. Mu Julayi ndinaonjezera ya matabwa ndi ya mmisiri. Chithunzi chimene achemwali anditumizira sabata yatha chikuonetsa khoma lili pomwe linali mu Juni, pa windo, ndipo m'kati mwamera udzu. Malata sindikuwaona. Akuti ali kwa amalume. Chabwino, amalume awayale pabwalo, aimepo iwo eni, achemwali ajambule, ndiwawerenge ndekha.

Ndamvanso kuti mnyamatayo, mwana wanu wamng'ono uja, akuoneka pa Migowi ndi njinga yamoto, akunyamula anthu. Akuti ndi ya mnzake. Mnzake uti amene amabwereketsa njinga yatsopano miyezi itatu? Ine sindinabadwe dzulo. Ngati anagulira ndalama ya malata anene poyera, tikhale pansi tione kuti azibweza zingati pa sabata. Bodza ndi limene likundiwawa kuposa ndalamayo. Ndipo inu amayi musamamuikire kumbuyo, ndinu amene mudzanyowe.

Mbuzi ija musagulitse. Fizi ya mtsikana ili m'ndalama yomwe ndatumizayi, K70,000, achemwali akalipire okha ndipo lisiti asunge.

Patangotha sabata chichokereni Saola, usiku wa pa 7, kunagwa mvula imene sindinaionepo. Mamilimita 158 pa ola limodzi, anthu a zanyengo akuti chiyambireni kuyeza mu 1884 sizinachitikepo. Madzi anatsikira mu siteshoni ya sitima ya pansi ya Wong Tai Sin ngati mtsinje wa Phalombe utakwiya, ndipo m'mapiri mwina munagumuka. Napolo kunonso amafika, kungoti sakumudziwa dzina. Agogo muwauze zimenezo, aseka, iwo amene anaona wa ku Michesi mu 1991.

Tsopano za chithunzi cha paphiri chija, poti ndamva chayambitsa nkhani. Akuti achimwene akudya ndalama, akungokwera mapiri ngati mzungu, ndiye malata 36 n'chiyani kwa iwo. Phirilo ndi Lion Rock, lili kuseri kwa Kowloon, dera lina la mzinda uno, ndipo kukwera n'kwaulere. Ndinalipira sitima yokha ndi mabotolo awiri a madzi. Lamlungu ndilo tsiku lokha lopuma, ndipo chipinda chathu mukatambasula manja mumakhudza makoma onse awiri. Munthu ukhalemo tsiku lonse, mutu ungayende bwino?

Ndinanyamuka ndikulinyoza. Mamita 495 okha, ine mwana wa m'tsinde mwa Mulanje, amene Sapitwa wake amapitirira 3,000. Ndinkati ndifika pamwamba ndisanatuluke thukuta. Amayi, linandichititsa manyazi. Kuno kutentha kwake n'konyowa, thukuta siliuma, malaya amamatirira pamsana ngati wakuthira madzi a mpunga. Njira yake ndi masitepe amiyala osatha, mawondo amachita kunjenjemera. Kwathu ukakwera pang'ono kamphepo kamakulandira, kuno mpweya uli phee ngati m'bafa. Ndili chikhalire pamwala kupuma, anandidutsa agogo ena aakazi, msinkhu wa agogo athuwo, ambulera kudzanja, kawayilesi kakuimba m'thumba, n'kundikodola kuti tiye. Mitengo imene Saola anagwetsa anali ataidula kale n'kuiunjika m'mbali mwa njira, nkhuni zabwinobwino, palibe wotola. Mtima unandipweteka. Anyani aliponso, akuba ngati a kwathu, akangomva jumbo kulira afika, ndipo kuwapatsa chakudya ndi mlandu.

Pamwamba ukaima umaona nyumba zosanja zili ndandanda mpaka kunyanja, zonse zili chilili pambuyo pa mphepo yonse ija. Ndinajambulitsa pamenepo. Kumwetulira kumene akukunenako kunali kwa kamera, m'mutu ndinkawerenga masabata otsala kuti mvula iyambe kwathu. Ndinapeza asanu ndi limodzi, mwina asanu ndi awiri.

Mmisiri ayambe Lolemba likubwerali. Akhale yemwe anamanga ya amalume, osati mnzake wa mnyamatayo. Matabwa a denga amangirire ndi waya wolowa m'khoma mizere itatu ya njerwa, asangokhomera pamwamba ngati kale muja, ndipo kumbuyo kwa nyumba akumbe ngalande madzi a kuphiri azilambalala. Theka la ndalama yake alandire poyamba, theka lina ndikaona denga pachithunzi. Feteleza ndidzatumiza kumapeto a mwezi uno, koma ndikapanda kuona malata sinditumiza.

Wina akamabwera kuno mundipatsireko ufa woyera, nandolo ndi kambuzi wouma. Loweruka ndiimba 1 koloko masana yakwanu, kuno idzakhala 7 usiku. Mnyamatayo adzakhale pomwepo, njinga aimike.

Ndine mwana wanu.