Za pikapu ija, usanakatenge ngongole

Mwana wanga,

Mlongo wako wandiuza kuti pikapu inakukanikira panjira, injini ikulira bwinobwino koma galimoto osasuntha. Za galimotoyo sindikudandaula kwambiri, chitsulo chimafa. Chandiwawa n'chakuti nkhaniyi ndaimvera kwa mlongo wako osati kwa iwe, komanso kuti mnzako uja wakupezera kale giyabokosi "yabwino" ndipo iwe ukufunafuna kokongola ndalama. Mnzako ameneyu anagwirapo sipanala liti? Anagwada n'kusuzumira pansi pa galimotoyo, kapena anangomva kuti sikuyenda n'kuona kuti apa pali podyera?

Tamvera. Mu giyabokosi ya otomatiki muli pampu imene imazungulira ndi injini kudzera pa torque converter, chipangizo cholumikiza injini ndi giyabokosi. Pampuyo imakankha oilo mwamphamvu, ndipo mphamvu ya oiloyo ndi imene imapanitsa ma clutch kuti giya igwire. Oilo akathawa, kapena pampu ikaleka kukankha, giya iliyonse imasanduka nyutulo, kaya waika D kaya R. Giyabokosi yotha ndi ukalamba imayamba yachenjeza: imatereka pachitunda, imachedwa kugwira m'mawa, imagunda posintha. Yako akuti m'mawa womwewo inali bwino. Galimoto ikafa kamodzin'kamodzi chonchi, kawirikawiri chimakhala chinthu chimodzi chimene chaduka, ndipo chikhoza kukhala kunja kwa bokosilo. Ndiye ugulirenji bokosi lonse usanadziwe?

Yamba ndi oilo. Bwerera pamene inaimira, ukaone pansi. Ngati pali chithaphwi chofiira, kapena kunsi kwa galimoto kwanyowa kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, yang'ana mapaipi awiri opita ku redieta. Imodzi ikaphulika kapena ikavuka, pampu imatayira oilo pamsewu m'kamphindi kochepa. Imeneyo ndi nkhani ya paipi ndi oilo watsopano basi, bola ngati sunapondeponde moto kuti mwina igwira. Ndikukudziwa iwe, uli ndi phuma ngati amalume ako. Ngati unaponda, usapondenso, ma clutch amapsa akamatereka opanda oilo.

Poyeza, galimoto ikhale pamalo osapendekeka, injini yotentha ndipo ikulira, giya pa P. Pali magalimoto ena ofuna N, choncho werenga buku lake kapena pandodo yoyezerapo, amalembapo. Dontheza oiloyo pa kapepala koyera. Wofiira woyera bwino, mtima pansi. Wakuda wonunkha chopserera, ndiye kuti mkati mwapsa ndithu, sindikunamiza. Akaoneka wotuwa mosakanikirana ngati muli mkaka, madzi a mu redieta alowamo, ndipo ukaika bokosi lina osasintha redietayo, nalonso lifa imfa yomweyo. Kodi mnzako uja anakuuzako zimenezi? Yeza kawiri, injini ili chete ndiponso ikulira. Ikalira, oilo ayenera kutsika pandodo chifukwa pampu yamukokera m'mwamba. Akapanda kutsika ngakhale pang'ono, kayikira pampu. Ngati yako ndi ya masiku ano yopanda ndodo, usamasule mabawuti mwachisawawa, pali pulagi yake yoyezera ndipo oilo amayezedwa atafika pa kutentha kwake. Komanso usathire oilo aliyense chifukwa choti ndi wofiira. Dexron anapangira za GM, Mercon za Ford, Toyota ali ndi wake wolembedwa WS. Thira amene buku lanena.

Ndikulemba izi ndakumbukira uli kamwana, utandigwirira tochi pansi pa galimoto, m'malo mounika bawuti ukuunika nkhope yanga n'kumaseka. Unkafunsa chilichonse mpaka ndinkatopa nawe. Lero wakula, mafunso aja anapita kuti? Munthu akuti gula, iwe ukuti chabwino.

Oilo akakhala kuti ali bwino, ika miyala kumatayala onse, koka handibuleki, zimitsa injini. Mkazi wako akhale mkati azisuntha ndodo ya giya, iwe uziyang'ana kachitsulo kam'mbali mwa giyabokosi kamene kebulo imakoka. Ngati ndodo ikuyenda mopepuka koma kachitsuloko kali duu, kebulo yavuka kapena kapulasitiki kakumapeto kwake kasweka. Kanthu kochepa ngati chala, koma galimoto yonse imagona nako. Ndipo poti yako ndi 4x4, ona transfer case, kabokosi kogawira mphamvu kumatayala akutsogolo ndi akumbuyo. Kabokosiko kakagwera pa N, giyabokosi imazungulira bwinobwino koma mphamvu siifika kumatayala. Pamenepa samala, chifukwa ngakhale uike pa P galimoto imatha kugubuduka. N'chifukwa chake ndati miyala. Usalowe pansi podalira jeki yokha, amayi ako sangapirire.

Kenako liza injini, mkazi wako aike D ataponda buleki n'kuisiya pang'onopang'ono, iwe usuzumire uli pambali, osati pansi. Propushafti, chitsulo chachitali chopita kumatayala akumbuyo, ikamazungulira matayala ali chete, giyabokosi ilibe mlandu, vuto lili mu difu, yogawira mphamvu kumatayala awiriwo, kapena ekiselo yaduka.

Pali china chimene mlongo wako sanathe kundifotokozera. Galimotoyo siikusuntha n'komwe, kapena ikuyenda mokwawa itakanirira giya imodzi? Ngati ikunyamuka molemera, osasintha, nyali ya injini itayaka, ndiye kuti kompyuta yake yaona cholakwika n'kuitsekera pa giya yachiwiri kapena yachitatu kuti isaonongeke. Zimenezo kawirikawiri ndi zamagetsi: fyuzi, waya wothetheka, pulagi yolowa madzi, sensa, solenoid (kavavu kamagetsi kotsegula njira ya oilo), ngakhale batire lofooka. Pansi pa chiwongolero pali soketi ya mabowo 16, ya OBD-II. Makaniko alumikizepo makina ake, ndipo manambala otulukawo uwalembe wekha papepala. P0700 imangonena kuti kompyuta ya giyabokosi ili ndi dandaulo, pamafunika kuwerenga zapansi pake. P0715 ndi P0720 zikuloza ku masensa a liwiro, P0750 ku solenoid. Munthu akangoona P0700 n'kunena kuti bokosi latha, nyamuka uzipita. Ngatinso imayenda pang'ono ikazizira, kenako n'kusiya kwinaku ikulira ngati mluzu, ukaizimitsa kanthawi n'kugwiranso, kayikira fyuluta yotsekeka.

Zonsezi zikakanika, apo ndiye makaniko amasule chivindikiro chapansi pa giyabokosi chosungira oilo, iwe uli pomwepo. Mkatimo muli maginito. Tiphulusa totuwa tosalala pamaginitopo n'tachibadwa. Koma tizidutswa tachitsulo tonyezimira, kapena zinyenyeswa zakuda zambiri, pamenepo ndivomera kuti bokosi litsike. Angathenso kuyeza mphamvu ya oilo ndi geji asanatsitse. Ngakhale zitafika apo, bokosi la mnzakolo linachokera m'galimoto yanji? Linayenda mtunda wautali bwanji? Likafa mwezi wamawa adzakubwezera ndani? Ngongole idzatsala kwa iwe, iye adzakhala atazimitsa foni. Si uyu anakulowetsa m'nkhani ya matayala ija? Ine sindinaiwale, ngakhale amayi ako anandiletsa kuitchulanso.

Ndatsala pang'ono kuiwala. Usalole kuti aikoke ndi chingwe matayala akumbuyo ali pansi. Injini ikazima pampu siizungulira, ndiye mkati mumagubuduka mouma. Ainyamule pa lole, apo ayi amasule kaye propushafti. Ndipo ikadzachira uchepetse katundu, kutentha ndi kumene kumapha oilo wa otomatiki, ndinakuuza kale kangapo.

Usasaine pepala lililonse la ngongole sabata ino. Uli ndi ana, mwana wanga, sindikufuna malipiro ako azithera kwa anthu chifukwa cha bokosi limene mwina silinafe n'komwe. Loweruka m'mawa undiimbire uli pagalimotopo, kapepala ka oilo kali m'manja, undiuze mtundu wake ndi fungo lake, undiwerengere manambala aja. Mnzako uja asakhalepo. Upereke moni kwa apongozi anga ndi adzukulu, amayi ako akuti wamng'onoyo chifuwa chija chatha kodi?

Ndine bambo ako.